Rhoda ndi Madzi a Pamiyala

Rhoda, mwana wa malemu a Dixon a ku Kanyama, si munthu woti mungamuyang'ane kawiri. Ndi mayi wamfupi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wa manja okhakhala, ndipo amagulitsa miyala yophwanya ndi mchenga m'mbali mwa msewu. Mukamulakwira sakalipa, satukwana, sakupititsani kwa abusa. Amangokuyang'anani kamodzi, basi, inu n'kumapita kwanu mukuganiza kuti nkhani yatha. Ine Vera ndinakula naye nyumba zoyang'anizana, makolo athu onse anachokera ku Ntcheu kudzafuna ntchito kuno, ndiye ndikamati munthu ameneyu amasunga chakukhosi ndikudziwa chimene ndikunena.

Kumalire kwa komboni yathu kuli bwalo la mpira wa atsikana a yunivesite ina ya anthu amalonda. Lili ndi khoma lalitali, mipando ya simenti mbali ziwiri, denga la malata ndi udzu wometa bwino. Ophunzira ali ndi dzina lawo la Chingerezi limene amalitchula, koma ife timati Pamiyala, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Mu 1998 malo amenewo anali dzala. Nthawi ya mvula ankasanduka dziwe la achule, mapepala ndi agalu akufa zikuyandama. Ife tinali atsikana okonda mpira, koma anyamata ankatithamangitsa pabwalo lawo ndi miyala. Mng'ono wake wa Rhoda, Kumbu, ndiye anali wamisala ndi mpira kuposa tonse. Mwana woonda uja, miyendo ngati ndodo, koma akaupeza mpira kutsogolo kwa golo wapagolo ankangotseka maso. Ndi Kumbu amene anaima pa dzala lija tsiku lina n'kunena kuti tikonze pompano. Komboni yonse inatiseka. Ku Kanyama mwala uli pafupi kwambiri pansi pa dothi, madzi salowa, ndiye aliyense ankadziwa kuti pamalo otsika ngati amene aja sipangaume.

Amene sanaseke ndi a Dixon okha. Iwo anagwirapo ntchito pa famu ina ku Chisamba, youmitsa madambo, ndiye anatenga kamtengo n'kutijambulira pansi. Anati tikumbe ngalande imodzi yaikulu pakati, zing'onozing'ono zizilowa m'menemo kuchokera mbali zonse ngati minga ya nsomba. Pansi pa ngalande tiike miyala ikuluikulu, pamwamba pake ing'onoing'ono, kenako masaka akale, pomaliza dothi. Madzi azidutsa m'mipata ya miyala osaoneka, mpaka akatulukire m'dzenje lakale lokumbamo miyala limene linali kuseri kwa nyumba yawo. Anatichenjezanso kuti chaka chilichonse mu Okutobala, mvula isanagwe, kamwa la ngalandeyo lizichotsedwa mizu, matope ndi mapulasitiki. Likatsekeka, dziwe libwerera.

Tinalipo atsikana khumi ndi anayi, ndipo tinagwira zilimwe ziwiri. Amayi athu, amene ankaphwanya miyala yogulitsa, ankatipatsa yotsala, ife n'kumasenza pamutu m'mabeseni ndi m'zidebe. Wilibala inali imodzi, ya tayala lophwa. Rhoda ndiye ankagwira piki pomwe pali mwala wouma, Kumbu akuyala miyala m'ngalande ndi manja mpaka zikhadabo ziwiri zinachoka. Mvula ya chaka chachiwiri itagwa, nyumba za anthu zinalowa madzi, koma bwalo lathu linauma lisanafike dzuwa la masana. Anyamata aja anabwera kudzapempha kuti asewereko, ndipo tinawauza masiku awo.

Fanwell Kapambwe anatulukira mu 2001, ntchito yonse itatha. Ena amati Ba Fanwell, koma m'kamwa mwanga ulemu umenewo mulibe. Anabwera ndi wezulo m'khosi ndi zovala zamasewera zonyezimira, akuti ndi kochi. Mpira ankaudziwa pang'ono, zimenezo sindikana, koma chimene ankadziwa kwambiri ndi kuima pakati pojambulitsa. Piki sanaigwirepo. Za ngalande sanafunsepo, ifenso sitinaone chifukwa chomuuzira, poti kwa ife zinali zodziwikiratu ngati mmene umadziwira pomwe pali chitsime cha kwanu.

Mu 2012 eni yunivesite anagula malo onse a mbali imeneyo. Fanwell anavala suti, ananyamula zithunzi zathu, n'kupita ku maofesi awo monga mwini timu ndi mwini bwalo. Atabwerako anatiuza kuti tisadandaule, bwalo likonzedwa ndipo tizisewera monga kale. Iye anapatsidwa udindo woyang'anira masewera onse. Khoma linamangidwa, mipando inamangidwa, geti inaikidwa, kenako mlonda anayamba kufunsa khadi la ophunzira. Ife khadi tikanalitenga kuti? Timu yathu inafera panja pa khoma. Amisiri awo anadzala udzu pamwamba pa ntchito yathu osadziwa chimene chili pansi, n'kumadzitama kuti bwalo lawo silisunga madzi.

Zimenezo tikanameza, poti kulandidwa tinazolowera. Chimene sichinamezeke ndi cha 2014. Kumbu anadwala miyezi itatu n'kumwalira, kusiya mwana wamkazi wa zaka khumi dzina lake Gloria. Kuno wosewera mpira akamwalira, anzake amavala majezi, amanyamula bokosi n'kuzungulira nalo bwalo lake kamodzi, amaliika kutsogolo kwa golo pang'ono, kenako ndiye ulendo wa kumanda. Ndi mwambo wathu, ndipo aliyense amaudziwa. Tinatumiza uthenga kwa Fanwell dzulo lake. Tsikulo tinanyamula Kumbu pamapewa kuchokera kunyumba ya maliro, tikuimba, anthu ambirimbiri m'mbuyo mwathu. Titafika tinapeza geti yokhoma, Fanwell ataima mkati, makiyi ali m'manja.

"Udzu ni wanyowani, muzaononga," anatero. "Pitani chabe kumanda."

Tinaima pamenepo pafupifupi ola lathunthu, dzuwa likutiwotcha, bokosi likusinthidwa mapewa. Amuna ena anafuna kuthyola geti, abusa anawaletsa. Ine ndinatukwana mpaka mawu anatha, ndipo sindinalapepo za tsiku limenelo. Rhoda anamuyang'ana Fanwell kudzera m'zitsulo za geti, anagwira Gloria dzanja, n'kuuza onyamula bokosi kuti tiyeni kumanda a ku Chingwere.

Rhoda analera Gloria ngati wake, poti iye sanaberekepo. Koma chimene chinkandipsetsa mtima n'choti chaka chilichonse mu Okutobala ankatsikabe m'dzenje lija kuseri kwa nyumba, fosholo m'manja, kukachotsa zinyalala pakamwa pa ngalande. Palibe anamutuma, a ku yunivesite sankadziwa n'komwe. Ndinkamufunsa kuti kodi iwe uli bwinobwino, ukuumitsira bwalo munthu amene anakaniza m'bale wako? Iye ankangoyankha kuti bwalo si la Fanwell, ndi la Kumbu, ndipo sangalisiye libwerere kwa achule. Gloria naye anakula ndi miyendo ya amayi ake. Atamaliza sekondale, yunivesite yomweyo inamutenga kuti aziphunzira ulere chifukwa cha mpira, ndipo Rhoda anasaina mapepala osatsutsa.

Chaka chatha, chakumapeto kwa Okutobala, Gloria anabwera ndi kabuku konyezimira. Fanwell anali kupuma pa ntchito, ndiye akuluakulu anagwirizana zoti bwalo litchedwe dzina lake pa mwambo waukulu mu Januwale, alendo ochokera kutali adzakhalepo, atsikana adzasewere ndi timu yoitanidwa. M'kabukumo munali mbiri ya bwalo. Munalembedwa kuti Fanwell Kapambwe anapeza dambo la zinyalala, ndipo ndi manja ake, ndi masomphenya ake, analisandutsa bwalo la atsikana. Atsikana khumi ndi anayi aja sitinatchulidwe ngakhale mmodzi. Chithunzi chathu chinalimo, koma pansi pake analemba kuti ana ena a m'komboni amene iye anawathandiza. Ana ena! Ine ndinaponya kabukuko pansi.

Rhoda anakatola, anauza Gloria kuti awerengenso kachiwiri pang'onopang'ono. Mwana atabwerera kusukulu, Rhoda anandiyang'ana.

"Vera, dzina la munthu ameneyu silikhala pa geti ija. Ndikadali moyo, silikhalapo."

Mawa lake anayamba kudzaza mchenga m'matumba. Mu Novembala ku Kanyama aliyense amachita zimenezo, kuunjika matumba pakhomo kuti madzi asalowe m'nyumba, ndiye palibe amene anadabwa. Anthu odutsa ankamuyamikira kuti ndi mayi wokonzekera. Koma matumba ake sanapite pakhomo. Tinawatsitsira m'dzenje masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndikuti tinawatsitsira chifukwa inenso ndinanyamula, sindibisa. Tinalowetsa matumba makumi atatu pakamwa pa ngalande, tinatsindira matiresi akale, tinamata dongo, pamwamba n'kusanja miyala. Rhoda anagwira ntchito imeneyo mosamala ngati mmene anaigwirira poyamba paja. Titamaliza anasamba m'manja n'kubwerera kukagulitsa miyala yake.

Mvula inachedwa, ndipo ine mtima unali m'mwamba. Ya mu Disembala inagwa yowaza, miyala ya pansi ija inameza yonse, bwalo lili gwa. Ndinkapita kwa Rhoda kukadandaula kuti mwina madzi apeza njira ina. Iye ankati ngalande anakumba ndi iye, njira ina kulibe, ndidikire. Kutatsala masiku anayi kuti mwambo uchitike, kumwamba kunatseguka. Inagwa masiku atatu osapuma.

Tsiku la mwambo geti anaitsegulira aliyense, kuti mipando ioneke yodzaza pa zithunzi. Ife a timu yakale amene tidakali moyo tinalipo asanu ndi anayi, ndipo tinakhala pamwamba penipeni. Abale anga, ndinaona zokoma tsiku limenelo. Bwalo lonse linali dziwe, madzi ofika m'maondo, mizere yoyera itasowa, magolo ataima m'madzi ngati zothawidwa. Matenti a alendo anali m'madzi, mipando yapulasitiki ikuyandama. Anabweretsa pampu, inalira m'mawa wonse, koma madzi amene inkatulutsa ankabwereranso kuchokera pansi. Achule nawo anali atafika kale, akuimba kuposa kwaya ya ophunzira. Pamwamba pa geti panali chikwangwani chachikulu chokutidwa ndi nsalu, chikudikira kuvundukulidwa.

Mkulu wa yunivesite ndi mayi wina wamtali wosaseka, Ba Namukolo. Anaitana Fanwell pamaso pa alendo n'kumufunsa modekha kuti popeza bwalo analimanga ndi iye, madzi amatulukira kuti. Fanwell analoza kum'mawa. Antchito anakumba kum'mawa, anangopeza matope. Analoza kumpoto, anakumbanso, udzu wake wokondedwa uja ukuzulidwa ndi makasu. Kenako anayamba kulankhula za kusintha kwa nyengo. Ife pamwamba paja tinaseka mpaka misozi, ine mpaka m'mimba munandipweteka. Rhoda sanaseke. Anakhala manja ali pamiyendo, akuyang'ana suti ya Fanwell ikunyowa kuyambira m'munsi. Mwambo unalephereka, alendo anakwera magalimoto awo, nsalu ija sinachotsedwe.

Munthu mmodzi amene sindinamuganizire ndi Gloria. Tsikulo linali loyamba kuti atsogolere timu ngati kaputeni, ndipo anaima m'mbali mwa dziwe atavala jezi yatsopano, nsapato zili m'manja. Iye ngalande ankaidziwa, poti ali mwana ankathandiza kutaya matope mu Okutobala. Anayang'ana madzi, anayang'ana pamwamba pomwe tinakhala, ndipo anamvetsa. Mwanayo sanatipereke kupolisi, anachita chanzeru. Anapita kwa Ba Namukolo n'kuwafotokozera mbiri yonse, kuyambira pa dzala mpaka pa bokosi la amayi ake.

Mawa lake masana Ba Namukolo anafika pakhomo pa Rhoda atavala majombo, Gloria ali kutsogolo, Fanwell akukokera miyendo m'mbuyo. Komboni yonse inasonkhana. Rhoda anawapatsa mipando, Fanwell yekha anamusiya chiimire. Anatenga kamtengo n'kujambula pansi ngalande zonse, yaikulu ndi zing'onozing'ono khumi ndi ziwiri, akutchula amene anakumba iliyonse ndi amene anayala miyala. Mayina khumi ndi anayi anawatchula onse, amoyo ndi akufa. Ba Namukolo anafunsa Fanwell ngati pali chimene akutsutsa. Iye anangoyang'ana nsapato zake.

Ba Namukolo si munthu woipa, zimenezo ndivomere. Anapepesa. Anati kabuku kalembedwanso, mayina athu onse alowamo. Anati za chikwangwani ndi zovuta, chifukwa akuluakulu a bungwe lawo anavomereza kale ndipo munthuyo wawagwirira ntchito zaka zambiri, sangamuvule pagulu kotheratu. Koma iwo angathe kuchita ichi: dzina la Kumbu lilembedwe pa chikwangwani chomwecho, pambali pa la Fanwell, zilembo zofanana kukula. Gloria anagwira pakamwa n'kuyamba kulira ndi chimwemwe. Amayi ena anaimba nthungululu. Inenso mumtima ndinati tapambana, Kumbu wakwera pamwamba pa geti.

"Ayi," anatero Rhoda.

Anatembenukira kwa Ba Namukolo n'kupitiriza.

"M'bale wanga sakhala pa thabwa limodzi ndi munthu uyu. Lake lichoke."

Ba Namukolo anamufotokozera mosabisa kuti akachotsa la Fanwell, akuluakulu aja sadzalola dzina la munthu wina aliyense, bwalo lidzangotchedwa dzina la yunivesite. Anamufunsa ngati wamvetsa kuti pamenepo la Kumbu nalonso silidzalembedwa. Rhoda anati wamvetsa. Gloria anamugwira mkono, akumutchula kuti amayi akulu, amayi akulu, koma Rhoda sanatembenuke. Anati dzenje lili pamalo a bambo ake, ndipo matumba achoka tsiku limene chikwangwani chitsike. Ngati sakufuna, akumbe bwalo lonse apange ngalande zawo, atsikana akhale chaka osasewera.

A ku yunivesite anadikira masiku asanu, madzi akuyamba kununkha, udzu ukuola. Tsiku lachisanu ndi chimodzi amuna anayi anakwera makwerero n'kutsitsa chikwangwani ndi zingwe. Nsalu inavukuka potsitsa, ndipo tinaona zilembo zagolide zija kamodzi kokha, zikupita kukaikidwa kuseri kwa nyumba yosungira katundu. Fanwell anaonera ali m'galimoto yake, magalasi otseka. Ife tinatsikira m'dzenje, asanu ndi anayi tonse, n'kuyamba kukoka matumba. Lomaliza litachoka madzi anatuluka ndi mkokomo, akuda bii, onunkha, anatigwetsa awiri. Ine ndinavina m'matopemo, mayi wamkulu ngati ine, ndipo sindichita nazo manyazi. Pofika madzulo udzu unayamba kuoneka.

Fanwell anapuma pa ntchito popanda phwando. Masiku ano akadutsa pa siteshoni ya minibasi, makondakitala amamufunsa mofuula kuti madzi apita kuti, ndipo iye amafulumiza miyendo. Ndikanama ndikanena kuti ndimamumvera chisoni. Ndikamuona ndimakumbukira kulemera kwa bokosi lija paphewa langa, n'kuona kuti zamuchepera.

Lamlungu lotsatira, titangoweruka ku tchalitchi, Gloria anabwera kunyumba. Ine ndinali pomwepo tikusankha nyemba. Sanakhale pansi. Analowa kuchipinda, analongedza zovala zake zonse m'chikwama, kenako anatuluka n'kuima kutsogolo kwa Rhoda. Sanakweze mawu.

"Amayi akulu, ine ninali kufuna chabe kuti nikalowa pa bwalo niziona dzina la amayi. Simunanifunseko olo kamodzi. Sanali m'bale wanu chabe, anali amayi anga."

 Gloria anapita pakhoma la pabalaza, anachotsa chithunzi cha Kumbu chimene chinali pamenepo, chokhacho chimene banja lili nacho, anachiika m'chikwama n'kutuluka. Ndinamuthamangira mpaka pamsewu, ndikumuuza kuti mayi ameneyu anakulera, anachita zonsezi chifukwa cha amayi ako. Anandiyankha mwaulemu kuti akudziwa, n'kukwera minibasi.

Nditabwerera ndinapeza Rhoda akuyang'ana msomali umene unatsala pakhoma. Ndinamukwiyira, ndinamumveranso chisoni, zonse nthawi imodzi. Ndinamufunsa ngati akanabweza mawu ake akanapatsidwanso mwayi. Anati ayi, akanakananso. Koma nyemba zija anazisiya osamaliza.

Kabuku katsopano kanatuluka, mayina athu alimo pa tsamba lachitatu, koma ndani amawerenga timabuku? Gloria akukhala ku hositelo, ndipo miyezi isanu ndi iwiri yapita asanaponde pakhomo. Foni amayankha yanga, ya Rhoda ayi. Ba Namukolo anatumiza uthenga kuti Rhoda azilowa ulere masewera alionse, koma iye sanapiteko, akuti sakufuna kumusokoneza mwana. Loweruka masana amakhala pa mulu wake wa miyala m'mbali mwa msewu, nyundo m'manja, ndipo phokoso la m'bwalo limamveka bwinobwino kuchokera pamenepo. Anthu akakuwa kuti chalowa, nyundo imaima. Amadikira mpaka wina wochokera kumeneko adutse, n'kumufunsa kuti wamwetsa ndani. Akamva kuti ndi Gloria amafunsanso kuti ndi mwendo uti, wamanja kapena wamanzere, ndiponso ngati mwanayo akuoneka kuti akudya bwino.